Momwe mafilimu anadzutsira ntchito yosula malupanga

Mzinda wa Toledo ku Spain unatchuka kwa zaka mazana ambiri chifukwa cha malupanga ake olimba. Mfuti zitafala, osula zitsulo a mumzindawo anayamba kuchepa, moti mu 1761 Mfumu Carlos III inakhazikitsa fakitale yachifumu yopanga malupanga kuti lusolo lisafe. Fakitaleyo inakhala zaka zoposa 200, koma m'kupita kwa nthawi lupanga linasanduka chovala cha akuluakulu a asilikali pa perete. Inatsekedwa mu 1996, ndipo lero nyumba zake ndi makalasi a yunivesite ya Castilla-La Mancha.

Pamene asilikali ankataya lupanga, anthu a mafilimu anali atalitola kale.

Mu 1982 kunatuluka filimu ya Conan the Barbarian, yomwe inajambulidwa ku Spain komweko, ndipo Arnold Schwarzenegger ndiye ankasewera ngati Conan. Ron Cobb anajambula malupanga a mufilimuyi papepala, Jody Samson n'kuwapanga ndi chitsulo chenicheni. Oonera anatuluka m'maholo mitima ili dyokodyoko, kufuna lupanga ngati la Conan, ngakhale kuti padziko lapansi sipanakhalepo msilikali amene anamenyera nkhondo chida chotero. Kampani ya Marto ya ku Toledo inayamba kupanga malupanga ofanizira a Conan, komanso a filimu ya Highlander ya mu 1986, n'kumagulitsa kwa alendo ndi anthu okonda kusonkhanitsa zinthu zotere.

Msika unakula kwambiri pakati pa 2001 ndi 2003, pamene Peter Jackson anatulutsa mafilimu atatu a The Lord of the Rings, ochokera m'mabuku a J.R.R. Tolkien a mu 1954 ndi 1955. Zida za mafilimuwa zinapangidwa ku Weta Workshop mumzinda wa Wellington ku New Zealand. John Howe ndi anzake ankajambula, ndipo mmisiri Peter Lyon ankasandutsa zojambulazo kukhala malupanga otchuka monga Andúril, Glamdring ndi Sting.

Lupanga lomwe woonera amaganiza kuti ndi limodzi limakhala la mitundu ingapo. Loyandikira kamera linkapangidwa ndi chitsulo cholimba cha mtundu wa sipuling'i. Lomenyanira linali la aluminiyamu kuti lipepuke, ndipo ena anali a pulasitiki yofewa kuti munthu akagwa nalo pa hatchi asavulale. Viggo Mortensen, amene ankasewera ngati Aragorn, ankakonda kunyamula lachitsulo lenilenilo kuti thupi lake lizolowere kulemera kwake.

Ntchito ya mmisiri wamakono imasiyana ndi ya wosula wakale wa nyundo ndi mvukuto. Amisiri ambiri amadula chitsulo chaphanthiphanthi motsata chojambula, kenako amachipala pa makina mpaka mpeni wake utaoneka. Akatero amachiwotcha mpaka chifiire, n'kuchiviika m'mafuta kuti chiume gwa. Chikatero chimakhala chosachedwa kuthyoka, choncho amachitenthetsanso pa moto wochepa kuti chizitha kupindika pang'ono n'kubwerera. Chogwirira amachisema ndi mtengo n'kuchikulunga ndi chikopa kapena waya, ndipo zilembo za pa mpeni amazidyetsa ndi asidi kapena kuzigoba.

Pobisika ndi pamene pagona kusiyana kwa lupanga ndi chokongoletsera khoma. Monga khasu limadalira msuka wake wolowa mumpini, lupanga nalo limadalira mbali ya chitsulo yolowa m'chogwirira. Pa lupanga labwino mbaliyi imakhala yotakata, yochokera ku mpeni womwewo. Pa otchipa ambiri kamakhala kachitsulo kowonda kowotcherera, kamene kamatha kuduka munthu akangolizunguza, mpeni n'kuuluka. Malupanga ofanizira ochuluka amapangidwanso ndi chitsulo chosachita dzimbiri, chomwe chimanyezimira bwino koma chikakhala chachitali sichipirira kugundidwa.

N'chifukwa chake choikapo lupanga chinasanduka mbali ya malondawa. Kampani ya United Cutlery ya ku America, imene inalandira chilolezo chopanga malupanga a The Lord of the Rings, inkagulitsa ambiri mwa iwo pamodzi ndi thabwa lokongoletsedwa lopachika pakhoma. Mwambo woika lupanga poonekera ndi wakale. Ku Japan ankhondo otchedwa samurai ankagoneka lupanga lawo la katana pa kathandala kamtengo kotchedwa katanakake, mbali yakuthwa italoza kumwamba kuti isabunthe m'chimake, chogwirira chili kumanzere posonyeza kuti m'nyumbamo muli mtendere. Amisiri a masiku ano amatengera nzeruyi, ndipo amayala nsalu yofewa pamene chitsulo chikhudza mtengo kuti chisakandike.

Wofuna kugula lupanga lotere afunse kaye mtundu wa chitsulo chake ndi momwe chinalowera m'chogwirira. Wogulitsa akalephera kuyankha, lupangalo ndi lapakhoma basi, ndipo ana asaseweretse.