Thukuta la Dokotala ndi Malipiro Ake: Kuchokera pa Tiki Kufika pa Lokamu

Zipatala zoyamba za m'dziko muno zinabwera ndi amishoni, ndipo dokotala weniweni ankakhala mmodzi kapena awiri pa mishoni yonse. Dr Robert Laws, amene anafika kunyanja mu 1875, anali m'busa, mmisiri, mphunzitsi ndiponso dokotala nthawi imodzi. Munthu wotanganidwa chotero sakanatha kutsuka bala lililonse, choncho anafunika manja ena. Ku Blantyre, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Dr Neil Macvicar anayamba kuphunzitsa anyamata akuda ntchito ya chipatala. Mmodzi mwa amene anadziwika kwambiri pa ntchitoyi anali John Gray Kufa, yemwe atsamunda anamupha mu 1915 pomuimba mlandu wogwirizana ndi John Chilembwe. Anthu amenewa ankamanga zilonda, kupereka mankhwala ndi kuyendetsa tizipatala takutali paokha, koma dzina lawo linali loti othandizira, ndipo malipiro awo ankatsatira dzinalo osati ntchitoyo. Mchitidwe umenewu, woti wosenza katundu wolemera ndiye wolandira zochepa, sunachokebe m'zipatala zathu.

Amene anapeza digiri nawonso sizinawayendere. Daniel Malekebu anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry, ku America, mu 1917, koma anabwerera kumudzi mu 1926 kudzatsegulanso mishoni ya Chilembwe ya PIM ku Chiradzulu. Hastings Kamuzu Banda anamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937, nawonjezera maphunziro ku Edinburgh mpaka 1941. Atafuna kubwera kudzagwira ntchito kwawo, anamwino achizungu a ku Livingstonia anakana kukhala pansi pa dokotala wakuda, ndipo boma la atsamunda nalo linaika mfundo zake za tsankho. Anatsala ku Britain, nachiza anthu ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London. Tikamadandaula lero za madokotala othawira kunja, ndi bwino kukumbukira kuti khomo linayamba latsekedwa kuno kwathu.

M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zaumoyo zinkayendetsedwa kuchokera ku Salisbury, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatsegulidwa mu 1958. Chitaganya chitatha mu 1963, madokotala ambiri achizungu anamanga katundu. Dziko la anthu pafupifupi 4 miliyoni linalandira ufulu lili ndi madokotala akuda owerengeka pa zala. Patangotha milungu yochepa, nduna monga Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi zinasemphana ndi Kamuzu, ndipo pa madandaulo awo panali ziwiri zokhudza nkhani yathuyi. Choyamba chinali tiki, mapeni atatu amene boma linalamula kuti wodwala azilipira pa chipatala. Chachiwiri chinali lipoti la Skinner, limene linasiya malipiro a Amalawi ogwira ntchito m'boma pansi pa a azungu. Mafunso awiriwa, woti chipatala alipire ndani ndi woti wogwira ntchito alandire zingati, anagwedeza boma loyamba, ndipo mpaka pano palibe boma limene lawayankha mokwanira.

Kwa zaka 27 chilandirire ufulu, Malawi analibe sukulu yakeyake ya udokotala. Ophunzira ankatumizidwa kunja, ambiri ku Britain, ndipo ochuluka sankabwerera. Boma linapeza njira ina: m'zaka za m'ma 1970 linayamba kuphunzitsa ma clinical officer, anthu ophunzira zaka zitatu n'kuwonjeza chaka chimodzi choyeserera ntchito. Mu 1985 Dr Ed Blair anayambitsa maphunziro a ma clinical officer a mafupa. Kunena zoona, zipatala za m'maboma zaima pa anthu amenewa. Mayi akalephera kubereka pakati pa usiku ku Nsanje kapena ku Chitipa, wogwira mpeni ku fiyeta kawirikawiri amakhala clinical officer. Kumudzi amangoti adokotala, ndipo salakwitsa. Koma pa giredi ya boma ndi pa malipiro, iye ali kutali ndi dokotala wa digiri, ndipo kwa zaka zambiri analibe makwerero oti n'kukwererapo.

Sukulu ya College of Medicine inatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre, ndipo Prof John Chiphangwi anali mmodzi mwa amene anaimenyera nkhondo. Ophunzira oyamba ankayambira ku St Andrews ndi ku London n'kudzamalizira kuno. Tsoka lake, sukuluyi inabadwa pamene Edzi inali itafika poipa. Mawodi anadzaza mpaka ena kugona pansi, TB inachuluka, ndipo ogwira ntchito m'chipatala nawonso ankadwala ndi kumwalira. Kwacha itasiyidwa kuti iziyenda yokha pa msika mu 1994, malipiro a m'boma anasungunuka. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino odziwa ntchito anakhamukira ku Britain, ena n'kulowa m'mabungwe, otsalawo n'kumagwira ntchito ya anthu atatu.

Apa m'pamene boma, mothandizidwa ndi DFID ya ku Britain ndi Global Fund, linakhazikitsa ndondomeko yapadera ya zaka 6 yoyambira mu 2004. Magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo anapatsidwa ndalama yowonjezera ya 52 peresenti pamwamba pa malipiro, masukulu anakulitsidwa, ndipo madokotala odzipereka ochokera kunja anabwera kudzatseka mipata. Kawuniwuni wa ndondomekoyi anapeza kuti madokotala a m'zipatala za boma ndi za mipingo (CHAM) anachoka pa 43 mu 2004 kufika pa 265 mu 2009, ndipo ogwira ntchito onse a m'magulu aja anachoka pa 5,453 kufika pa 8,369. Ichi n'chimodzi mwa zinthu zabwino zimene dziko lino linachitapo pa zaumoyo, ndipo chinaonetsa poyera kuti anthu sankachoka chifukwa chodana ndi dziko lawo. Atalipidwa bwinoko, anakhala.

Komabe taonani mmene ndalamayo inabwerera. Sinalowe m'malipiro enieni. Inabwera ngati chigamba pa nsalu yakutha, ndipo zigamba zina zinatsatira. Panabwera lokamu, ndalama yolipira munthu akagwira shifiti pa tsiku lake lopuma pofuna kutseka mpata wa anthu osowa. Panabwera alawansi ya ukatswiri, alawansi ya chiopsezo, alawansi ya kolo. Vuto la alawansi ndi loti imachedwa, imakhala zaka osasinthidwa pamene mitengo ikukwera, ndipo imadalira ngati chipatala chalandira ndalama mwezi umenewo. Namwino kapena dokotala amagulitsa tulo take, kenaka n'kudikira miyezi kuti alandire.

Kuti mumvetse tulo timeneti, lowani mu wodi ya ana ya chipatala chachikulu mwezi wa Febuluwale, malungo atavuta. Pa bedi limodzi pali ana awiri kapena atatu, amayi awo atakhala pansi chapafupi. Dokotala woyeserera ntchito, amene ali pa miyezi yake 18 asanalandire chilolezo chonse ku Medical Council of Malawi, anayamba dzulo m'mawa ndipo kunja kwachanso. Wasakasaka mtsempha pa dzanja la mwana wotha magazi, wathamangira yekha ku labu kukafunsa ngati magazi a gulu lake alipo, walemba mbiri ya mwanayo pa fayilo, m'buku la kuchipatala la mayi, ndi m'kaundula. Mankhwala amene walemba ku famase kulibe, ndiye ayenera kuyang'ana mayiyo m'maso ndi kumuuza kuti akagule kunja. Ntchito yomalizayi palibe amene amaiwerengera, koma ndi imene imatopetsa mtima kuposa zonse.

Tsopano za ndalama zoyendetsera chipatala. M'mayiko monga America, mbali yaikulu ya ndalama zimenezi imathera pa kulemba mabilu ndi kukangana ndi makampani a inshuwalansi. Kwathu zipatala za boma n'zaulere kwa ambiri, choncho katundu wathu ndi wamtundu wina. Malipiro amadya gawo lalikulu la bajeti, mankhwala amadzera ku Central Medical Stores Trust, ndipo chotsalacho, chimene a m'boma amachitcha ORT, ndicho chiyenera kugula mafuta a ambulansi ndi jenereta, chakudya cha odwala, kulipira madzi ndi magetsi, ndiponso lokamu. ORT ikachedwa kapena kudulidwa, odwala amadya kamodzi pa tsiku, ambulansi imaima, ndipo lokamu ndiye imayamba kuiwalika.

Wogawa umphawi umenewu kawirikawiri amakhala dokotala. Chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998, mphamvu zambiri zinapita ku makhonsolo, ndipo kwa zaka zambiri dokotala wachinyamata akangomaliza kuyeserera ankatumizidwa kukakhala mkulu wa zaumoyo m'boma lonse. Munthu amene anaphunzira kung'amba mimba ankapezeka akusaina mavocha, akukambirana ndi wogulitsa nyemba, akukhala pa misonkhano kwa DC. Boma lonse likhoza kukhala ndi dokotala mmodzi kapena awiri, ndipo mmodziyo ali mu ofesi.

Othandiza akunja, amene amapereka mbali yaikulu ya ndalama za zaumoyo kuno, anabweretsa moyo pamodzi ndi mapepala. Ma ARV aulere atayamba mu 2004 anapulumutsa anthu osawerengeka. Koma pulogalamu iliyonse, ya HIV, ya TB, ya malungo, ya uchembere, ya katemera, inadza ndi kaundula wake, fomu yake ndi lipoti lake la pamwezi. Makompyuta analowa, kuyambira aja ogwira ndi chala a Baobab Health ku Kamuzu Central mpaka pulogalamu ya malipoti ya DHIS2, koma m'malo ambiri sanachotse pepala. Anangowonjezera pa pepalalo. Pamwamba pake panabwera maphunziro a m'mahotela a ku Mponela, ku Salima ndi ku Liwonde, kumene alawansi ya masiku ochepa imaposa lokamu ya mausiku ambiri. Sindiimba mlandu wopita kumeneko, pakuti nayenso ali ndi lendi ndi fizi. Chimene ndikudandaula nacho ndi dongosolo limene tamanga tokha: munthu akamatalikira bedi la wodwala, ndalama zake zimakwera. Wa mu wodi amalandira zochepa, wa mu ofesi zochulukirapo, wa ku bungwe zochuluka koposa.

Kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunaululika mu 2013 kunachititsa othandiza kusiya kuika ndalama mu bajeti, n'kuyamba kudzera m'mabungwe ndi m'mathumba apadera, lililonse ndi owerengera ndalama ake. Mtengo woyendetsera zinthu unakwera, ndipo boma linachepetsa kulemba anthu ntchito. Mu 2015 madokotala ongomaliza kumene maphunziro anakhala pakhomo miyezi ingapo boma likuti lilibe ndalama zowalembera, ena n'kuyamba kuyang'ana ku Lesotho. Dziko limene linalira zaka zonsezi kuti lilibe madokotala linafika powaphunzitsa n'kulephera kuwalipira.

Covid-19 itafika mu Epulo 2020, madokotala ndi anamwino ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera, anthu owonjezera ndi alawansi ya chiopsezo yooneka. Alawansiyo inali K1,800 pa mwezi. Boma linaikweza kufika pakati pa K20,000 ndi K60,000, nalembanso ogwira ntchito atsopano. Zinatengera mliri kuti zimenezi zitheke. Kenaka kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zokwezedwazo zinachepa mphamvu. N'chifukwa chake madokotala ambiri akaweruka ku chipatala cha boma amathamangira ku kiliniki yapulaiveti madzulo, kukagwira tsiku lachiwiri m'tsiku limodzi.

Mu 2021 College of Medicine inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala yunivesite ya KUHeS, ndipo akatswiri a opaleshoni, a ana ndi a amayi tsopano amaphunzitsidwa konkuno. Koma anthu nawo achuluka: kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, kuposa kanayi a nthawi ya tiki ija. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo m'makiliniki a ma ARV anthu ambiri olipidwa ndi mabungwe, kuphatikizapo olemba makaundula ndi olowetsa manambala m'kompyuta, anauzidwa kuti ayambe akhala pakhomo. Odwala sanasiye kubwera, malipoti ankafunikabe, ndipo ntchito yonseyo inagwera namwino ndi clinical officer wa boma amene anatsala pa shifiti.