Kuchokera kwa Jack Kufika kwa Shula

Ntchito yoonetsa kanema inayamba kale m'Zambia muno, koma yopanga kanema wathuwathu inachedwa kwambiri. Ine ndinadyera ntchito yoyambayo. M'zaka za m'ma 1990 ndinali ndi kachisakasa ka malata ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, TV imodzi, deki ndi mabenchi a matabwa, ndipo ana a m'komboni ankandipatsa timakobiri kuti aone Rambo ndi Bruce Lee.

Malemu bambo anga anaona zakale kuposa zimenezo. Asanabwere ku Kafue kudzalowa ntchito pa fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals, imene inatsegulidwa mu 1970, anali ku migodi ya ku Luanshya. Kumeneko makampani ankaonetsa baisikopo panja, m'makomboni a antchito. Anthu ankafera makauboyi, ndipo ngwazi iliyonse yokwera hatchi ankaitcha Jack, kaya filimuyo yaipatsa dzina lanji. Mayi wina wa ku America, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba zomwezi m'buku lake lotchedwa Copper Town. Atsamunda ankayamba adula zigawo zimene ankati munthu wakuda sayenera kuona, moti nkhani inkangodumphadumpha. Bambo ankati zimenezo sizinkawavuta: anthu ankalumikiza okha nkhaniyo, akukuwa ndi kuponya zibakera m'mwamba.

Panalinso kanema wa boma. Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, yopangira mafilimu anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Osewera anali akuda, koma wolemba nkhani ndi wogwira kamera anali mzungu, ndipo cholinga chinali kutiphunzitsa kulima bwino, ukhondo ndi kusunga ndalama. Imodzi inali Mulenga Goes to Town, ya mnyamata wakumudzi amene tauni inamuonetsa zakuda. Bungwelo linatha mu 1963 pamodzi ndi chitaganya cha maiko atatuwo. Titalandira ufulu mu 1964, magalimoto a Zambia Information Services anapitiriza kuzungulira ndi chinsalu choyera, kungoti tsopano tinkaonapo a Kaunda. Tinali tikuphunzitsidwabe basi.

Za nthawi yanga n'zachidule. Mafilimu a ku Nigeria anabwera, kenako sewero la Kabanana pa ZNBC linasonyeza kuti anthu amakonda kuona nkhope zakwawo. Ma DVD otchipa atadzaza pamsika, chisakasa changa chinasanduka khola la nkhuku.

Popeza kanema wathuwathu anachedwa chonchi, dzina la wopanga mafilimu Rungano Nyoni ndimalitchula ndi ulemu. Anabadwira ku Lusaka mu 1982, n'kupita ku Cardiff ku Wales ali mwana. Anaphunzira zamalonda ku Birmingham ndi zisudzo ku London, koma anasankha kuima kuseri kwa kamera. Filimu yake yaifupi, Mwansa the Great ya mu 2011, anadzaijambulira kuno kwathu. Yaikulu yoyamba, I Am Not a Witch, inaonetsedwa ku Cannes mu 2017, ndipo mu 2018 inalandira mphoto ya BAFTA ya wongoyamba kumene wopambana.

Ndi nkhani ya Shula, kamtsikana kamene anthu akanamizira ufiti n'kukapititsa kumsasa wa amayi okalamba otchedwa mfiti. Aliyense wamangidwa nsalu yaitali yoyera kumsana kuti asauluke, ndipo kamwanako akukauza kuti kakaidula kasanduka mbuzi. Nsaluyo ndi yopeka, koma misasa yotere iliko ku Ghana, ndipo Nyoni anakakhala mu umodzi mwa iyo asanalembe nkhaniyi. Maggie Mulubwa, amene anasewera Shula, anali asanaimepo pa kamera. Koma amene amandipweteka nthiti ndi Henry B.J. Phiri ngati Bambo Banda, mkulu wa boma wodyera pamutu pa mwanayo, mpaka kupita naye pa TV kukatsatsa mazira. Abanda otere tonse tinakumanapo nawo pa ofesi inayake. Ena amati filimuyi ikutichititsa manyazi kwa azungu. Ine ndimakana. Atsamunda ankatijambula ngati ana ofunika kulangizidwa. Nyoni akutiseka monga amasekera wachibale, ndipo Chinyanja chikumveka m'kamwa mwa osewera monga timachilankhulira pa siteshoni ya basi.

Yachiwiri, On Becoming a Guinea Fowl, inamupatsa mphoto ya wotsogolera wabwino m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes mu 2024, imene anagawana ndi Roberto Minervini wa ku Italy. Iyi ndi ya pamaliro: amalume Fred apezeka atafa pamsewu usiku, ndipo banja likulimbikira kubisa nkhanza zimene malemuyo ankachitira ana aakazi a m'banjamo, kwinaku likuzunza mkazi wamasiye. Amene anagonapo pamaliro a m'komboni sangafunse kuti zikuchitikira kuti.

Chondidandaulitsa n'chakuti ndalama zambiri zopangira mafilimu onse awiriwa zinachokera kunja, makamaka ku Britain, ndipo owaonera ambiri ali kunjako. Ku Nangongwe kulibe holo ya kanema. Wofuna chinsalu chachikulu ayenera kukwera minibasi makilomita oposa 40 kupita ku Lusaka, ndipo anzanga ambiri amene ankadzaza mabenchi anga dzina la Nyoni analimvera kwa ine.