Mwala wa m'ketulo: mbiri ya madzi a kwa Zulu

Inu a kwa Zulu, pa Kamwendo kapena pa Boma la Mchinji, tasuzumirani m'ketulo yanu. Mwina mupezamo zoyera zokhakhala zitakanirira pansi, zina zikusendeka ngati makoko a dzira. Ambiri timangoti ketuloyo ndi feki, wogulitsa anatipusitsa. Komatu zoyerazo ndi mwala, ndipo mbiri ya mmene unafikira m'khitchini mwathu inayamba ESCOM kulibe.

Makolo athu, Achewa ndi Angoni omwe, ankatunga m'mitsinje monga Bua, umene umayambira konkuno ku Mchinji, ndi m'zitsime zokumba pamanja m'mphepete mwa dambo. Madzi otere amakhala asanakhalitse m'miyala, choncho kawirikawiri sasiya zoyera zambiri. Mavuto awo anali ena: kutsekula m'mimba, likodzo, ndi chitsime kuphwa Okutobala akafika.

Atsamunda anakhazikika kuno pa nthawi ya nkhondo yawo ndi Angoni a Mpezeni mu 1898, malowa n'kuwatcha Fort Manning. Mu 1921 kunabwera Frank Dixey, katswiri wa za miyala wa boma la Nyasaland. Iyeyu anaikapo mtima pa madzi a pansi pa nthaka, mpaka mu 1931 anatulutsa buku lotchedwa A Practical Handbook of Water Supply. M'zaka za m'ma 1930 boma linayamba kukumba zitsime ndi kuboola mijigo m'midzi. Apa m'pamene tinayamba kumwa madzi akuya.

Nanga akuyawo amasiyana bwanji? Mvula ikagwa imatenga mpweya wa carbon dioxide, ina mumlengalenga, yambiri m'dothi, ndiye madziwo amakhala ndi kaasidi pang'ono. Pansi pa chigwa chochokera ku Lilongwe kudzafika ku Mchinji pali thanthwe lakalekale limene pamwamba pake panafumbutuka, ndipo m'menemo ndi momwe mijigo yambiri imakoka madzi. Madzi akakhalitsa m'menemo amasungunula calcium ndi magnesium. Kuchuluka kwake kumasiyana malo ndi malo. N'chifukwa chake mjigo wa mudzi uno madzi ake amakoma, wa mudzi winawo amamveka kamchere ndipo sopo sachita thovu, amangosiya zonanda pamwamba pa beseni. Amayi ochapa anazidziwa izi kalekale. Ngakhale ku Ulaya, Thomas Clark wa ku Aberdeen, amene mu 1841 anapeza njira yochotsera mchere umenewu ndi laimu, ankayeza madzi poona kuchuluka kwa sopo wofunika kuti thovu lituluke.

Mijigo yoyambirira inali ndi vuto linanso. Mapaipi ake anali achitsulo, ndipo madzi ena ankawadya. Dzimbiri n'kumalowa m'madzi, nsima n'kumasintha mtundu, malaya oyera a sukulu n'kumafiira. Pampu ikawonongeka, mudzi unkadikira amisiri a boma miyezi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, pa ntchito ya mijigo ya ku Livulezi m'boma la Ntcheu, anayesa pampu ya Maldev, imene inadzabala Afridev. Iyi ndi ija mumaiona m'midzi lero: mapaipi apulasitiki, ndipo akomiti ya mjigo amatha kuikonza okha ndi sipanala imodzi. Dzimbiri lochokera ku mapaipi linachepa. Calcium sanapite kulikonse, chifukwa iyeyo amachokera m'thanthwe.

Mu 1995 lamulo latsopano la za madzi linakhazikitsa mabodi a m'zigawo, ndipo mipopi ya pa Boma la Mchinji inakhala m'manja mwa Central Region Water Board. Magetsi nawo, kudzera mu MAREP imene inayamba mu 1980, anafika pang'onopang'ono m'matreding'i senta. Tsono madzi a pansi aja anakumana ndi chinthu chimene agogo analibe: elementi.

Madzi oterewa akawira, calcium amauma n'kukhala ngati choko. Pa mphika wa pamafuwa zimenezo sizinali nkhani, umangokwecha ndi mchenga basi. Koma pa elementi ya ketulo kapena ya giza, chokocho chimakuta chitsulo. Kutentha kumalephera kutuluka msanga, madzi amachedwa kuwira, ndipo tsiku lina elementi ija imangopsa. Ayironi ya nthunzi timabowo take timatsekeka, n'kumalavulira zoyera pa thalauzi lakuda. Shawa imayamba kudontheza ngati ikuumira. Kwa mphunzitsi amene wangoyamba kumene ntchito, kugula ketulo kawiri pa chaka si nthabwala.

Chofunika kumvetsa n'chakuti calcium ndi magnesium amenewa si poizoni, thupi limawafuna ndithu. Choncho musathawe mjigo n'kubwerera kudambo chifukwa choona zoyera m'ketulo. Kumeneko n'kusinthanitsa elementi ndi kolera. Chongofunika ndi kusamala ziwiya. Finyirani mandimu awiri kapena atatu m'ketulo, kaya thiranimo vinega, onjezerani madzi, wiritsani, musiye ola limodzi kenaka tsukuluzani. Mutu wa shawa uviikeni mu vinega usiku wonse. Dzinja likafika, tcherani madzi a mvula osefa bwino a mu ayironi.

Paja amati madzi saiwala khwawa. A mjigo saiwalanso thanthwe limene adutsamo. Agogo anamenya nkhondo yoti madzi asatiphe, ndipo mbali yaikulu anapambana. Ifeyo yathu ndi yaing'ono: mandimu atatu pa mwezi.