Moto wa Usiku ku Lichinga

Ndinakwera ku Lichinga kuchokera ku Metangula mu Juni 1978, ndili mwana wa zaka 9, nditavala kabudula ndi malaya opyapyala a kunyanja. Usiku woyamba sindinagone. Kwathu kugombe tinkaidziwa mphepo ya mwera, koma chisanu cholowa mpaka m'mafupa ndinachiona kumeneku. Tawuniyi inakhala pamwamba, mamita oposa 1,300 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julaye usiku umatha kutsika pansi pa madigiri 10. M'mawa nkhungu imaphimba mitengo ya paini mpaka nyumba ya mnzako osaiona.

Agogo anga aakazi atamva mano anga akugwedezeka anadzuka, nakankhira chitsa pakati pa mafuwa, n'kuuzira pang'ono. "Sendera kuno, iwe," anatero. "Kuno sikunyanja."

Chitsa chimenecho ndicho ndikufuna kuchikumbukira. Nkhuni zopyapyala zinali zophikira. Zimayaka msanga, zimathanso msanga. Za usiku ankasankha chikuni chimodzi chachikulu, cha mtengo wolimba wa m'tchire, chonyeka pang'onopang'ono mpaka tambala woyamba. Akafuna kutentha kwambiri ankachikankhira mkati, akafuna kuti moto ugone ankachikokera kunja n'kukwirira makala ndi phulusa. Ankadziwa ndi khungu lawo nthawi imene chisanu chimakula, cha m'bandakucha, ndipo ankadzuka popanda wowadzutsa. Mwana wodwala ankamuika kufupi, anyamata kutali. Utsi unkatuluka m'udzu wa denga, n'kusiya mwaye wakuda umene unkateteza chimanga cha mbewu ku anankafumbwe. Miyendo ya agogo inali ndi mbala, zipsera zija za munthu amene waotha moto moyo wake wonse. Moto ukazima, kunali kuchita manyazi: m'mawa mwana ankatumidwa ndi phale kukapala moto kwa anansi, mudzi wonse n'kudziwa kuti wina anagona tulo tofa nato.

Tawuni yeniyeniyo si yakale kwambiri. Ulamuliro wa Companhia do Niassa utatha mu 1929, boma la Apwitikizi linakhazikitsa Vila Cabral mu 1931, dzina lochokera kwa José Cabral amene anali bwanamkubwa wa Mozambique. Azungu anakonda malowa chifukwa cha kuzizira komweko. Anadzala paini, ndipo nyumba zina anazimanga ndi lareira, malo osonkhapo moto m'chipinda chochezera, okhala ndi chumuni chotulutsira utsi padenga. Bambo anga aang'ono anagwirapo ntchito m'nyumba yotere. Ankawaza nkhuni masana, kuyatsa moto madzulo, kuchotsa phulusa mamawa eni nyumba asanadzuke, kenako n'kukagona kukhitchini ya kuseri atafunda thumba. Mpaka kumwalira kwawo ankanena za moto umenewo ngati za chinthu chawo, pakuti ndiwo ankaudziwa. Njanji yochokera ku Cuamba inafika mu 1969, ndipo dziko litalandira ufulu dzina la Vila Cabral linachoka, kukhala Lichinga. Machumuni ena alipobe, ambiri sanatulutse utsi kwa zaka.

Chaka cha 1983 sindichiiwala. Pansi pa Operação Produção, boma linasonkhanitsa anthu m'mizinda monga Maputo n'kuwatumiza kuno ku Niassa kuti adzalime. Ambiri anatsika ndege ndi zovala zimene anagwidwa nazo. Anali anthu a kumalo otentha, osadziwa chitsa, osadziwa mtengo wopereka makala ndi wopereka utsi wokha. Amayi anga anapatsa mayi wina bulangete limodzi mwa awiri amene tinali nawo, ife ana anayi n'kuunjikana pansi pa lotsalalo. Ndinakwiya usiku umenewo. Lero ndikakumbukira mmene mayi uja ankanjenjemerera, ndimaona kuti Amayi anachita bwino.

Nkhondo yapachiweniweni itakula, anthu anathawira m'tawuni, ndipo kukatola nkhuni kutali kunali kuika moyo pachiswe. Mitengo yapafupi inatha. Pamenepo mbaula ndi makala zinalanda malo a chitsa, ndipo zinabwera ndi ngozi imene nyumba ya udzu sinkaidziwa. Denga la udzu limapuma; chipinda cha malata chotseka zenera ndi chitseko sichipuma. Makala akamanyeka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wakupha, wosanunkha, wosaoneka. Munthu amangomva mutu kulemera ndi tulo tokoma. Tinaika maliro a mnyamata wa m'dera lathu amene analowetsa mbaula kuchipinda usiku wa Julaye, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumba mwanga mbaula sigona mkati, kaya kuzizire bwanji.

Magetsi analipo, koma a majenereta a dizilo, oyaka maola owerengeka. Nkhondo inatha mu 1992, koma magetsi a ku Cahora Bassa, damu lomwe linamalizidwa mu 1974, anatifika mu 2005, kudzera pa mawaya ochokera ku Gurué kudutsa ku Cuamba. Zaka zoposa 30 tikumva za damu la m'dziko lathu lomwe, ife tikuuzira makala.

Mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito ku Manchester. Chaka chatha, tikulankhula pa WhatsApp, anandionetsa mmene amafunditsira nyumba yake. Kumeneko nyumba imakhala ndi chotenthetsa madzi chimodzi choyendera gasi, ndipo madzi otenthawo amazungulira m'mapaipi kupita m'zipinda zonse. Iye anachotsa kachipangizo kakale ka pakhoma n'kuikapo katsopano kolumikizika ku intaneti. Kamayeza kutentha kwa chipinda, kamazimitsa moto onse akatuluka, kamauyatsanso iye ali m'basi pobwerera. Chipinda cha mwana amachiika pa madigiri ake, chipinda chopanda munthu amachitseka. "Bambo, taonani, zonse zili pafoni," anatero.

Ndinayang'ana nthawi yaitali. Chilichonse chimene kachipangizoko kamachita ndinachionapo kale: kukankha chitsa, kuchikoka, kukwirira phulusa, kusendeza wodwala kufupi. Ndinasangalala kuti mdzukulu wanga sadzagona akunjenjemera, ndi kuti palibe mayi amene adzatupe maso ndi utsi chifukwa cha iye. Koma ndinamuuza mwana wangayo kuti amufotokozere mwanayo za agogo aja, chifukwa ntchito imeneyi inali ndi mwini wake, ndipo ankaigwira usiku uliwonse wa chisanu popanda woyamika.

Kuno ku Lichinga mapaipi otere kulibe m'nyumba za anthu wamba. Tili ndi mita ya Credelec pakhoma, ya magetsi olipiriratu. Hita ya mawati 2,000 imadya mayunitsi awiri pa ola, choncho aliyense amene ali nayo amaiyatsa diso lili pa manambala a mita. Ine ndinagula imodzi yokha, ya kuchipinda kwa Amayi, amene tsopano mawondo sawalola kukhala pa mafuwa.

Julaye wapitayu magetsi anatithera cha m'ma 2 koloko usiku. Ndinaimbira mwana wanga wamkazi ku Nampula, iye anagula pa M-Pesa n'kunditumizira manambala 20 a mayunitsiwo. Ndinawalemba pa mita nditaunikira ndi foni, zala zitauma ndi chisanu, ndipo hita inayambanso kufiira. Nditalowa kukaona, Amayi anali maso.

"Wadzuka ndiwe?" anafunsa.

"Ndine, Amayi. Gonani."

Anandiyang'ana kumapazi, n'kunena kuti nditenge bulangete lawo lachiwiri popeza iwo afunda kale. Ndinalitenga.