MSEU WAUKURU WA KUM'MAWA

Mwana wa sukulu akapenya mapu a Zambia, angayese kuti mseu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata unakhalapo cikhalire monga mtsinje. Koma si tero ai. Mseu umenewu, umene Azungu anaucha Great East Road, ngwa dzulodzulo. Ndipo usanalambulidwe, anthu a kum'mawa anali cifulatire ku dziko limene lero alichula lao.

Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa m'caka ca 1898, Azungu anamanga boma la Fort Jameson, limene tsopano ndilo Chipata, nalisandutsa likulu la North-Eastern Rhodesia. Katundu ndi makalata a boma limenelo zinali kudzera ku doko la Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire kufikira ku Nyasaland, ndipo pocokera kumeneko zinayenda pa mitu ya atengatenga. Njira yina inali ya ku Tete. Amuna ofuna ndalama za msonkho anayenda pansi kuloza kumwera, naoloka Zambezi kukagwira nchito ku minda ndi ku migodi ya Southern Rhodesia. Kumadzulo kunalibe cowaitana.

M'caka ca 1911 maiko awiri aja, la kum'mawa ndi la kumadzulo, anaphatikizidwa nakhala Northern Rhodesia, likulu lace ku Livingstone. Kuphatikizako kunali kwa papepala cabe. Pakati pa Fort Jameson ndi njanji panali cigwa cotentha ca Luangwa, mapiri otsetsereka, ndi chire la kashembe m'mene ng'ombe zokoka ngolo sizinathe kukhala ndi moyo. Bwana wopita ku njanji anayenda masabata m'macila. Mseu wa galimoto utalambulidwa, Luangwa anatsalabe cipsinjo, makamaka pa dzinja, kufikira m'zaka zoyamba za m'ma 1930 pamene anamanga ulalo ndi ndalama za Beit Trust. Posacedwa, m'caka ca 1935, likulu linasamukira ku Lusaka, ndipo mseuwo unapeza mutu wace weniweni.

Utali wace kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ngwa makilomita ngati 570. Uturuka mumzinda podutsa University of Zambia, nupyola Chongwe ndi Rufunsa, nuyamba kukhotakhota m'mapiri a Manenekera, m'mene madalaivala a malori aleka nthabwala nagwiritsa ciwongolero. Utatsikira ku ulalo wa Luangwa, kumene amalonda aunjika nsomba zouma ndi madengu m'mbali mwa njira, ukweranso ku Kacholola ndi Nyimba, kwao kwa nthoci. Pamenepo dziko liyamba kuyalana: mphambano ya Petauke m'dziko la Ansenga, Sinda, ndi Katete, pamene papatuka mseu wonka ku Chanida ndi ku Tete. Kupitirira Chipata pang'ono pali malire a Mwami, ndi kutsidya kwace Mchinji wa ku Malawi.

Cacikuru cimene mseu uwu unanyamula si katundu, koma anthu ndi cinenero cao. Acewa, Ansenga, Angoni ndi Akunda, amene atate ao anazolowera kuloza kumwera, anayamba kukwera malori kunka ku Lusaka: ena kukamanga nyumba za boma, ena kukakhala apolisi, amesenjala kapena akalaliki. Lusaka anamangidwa m'dziko la Asoli ndi Alenje. Komatu cinenero ca pamsika ndi ca m'makomboni cinasanduka Cinyanja. Ana ambiri a m'tauni amene acilankhula lero sanaonepo Luangwa ndi maso, ndipo sadziwa kuti mau ao anaoloka pa ulalo uja. Mphunzitsi amene apatsa ana ace funso lakuti cifukwa ninji Lusaka alankhula Cinyanja, waphunzitsa mbiri ndi mapu pa nthawi imodzi.

Kufunika kwace kwa dziko lonse kunaoneka poyera Zambia atangolandira ufulu. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith linadzilengeza lokha lodziimira ku Rhodesia, ndipo posakhalitsa mafuta a galimoto analeka kubwera ndi njira ya kumwera. Mbiri yomveka ndi ya malori a pa Great North Road ocokera ku Dar es Salaam. Koma mafuta ena anabwera pa njanji kucokera ku Beira kufika ku Salima, nasenzedwa pa malori kudzera ku Fort Jameson. Mseu wa fumbi ndi ulalo wopapatiza sizinakonzedwere katundu wotere. Cifukwa cace m'caka ca 1968 anatsegula ulalo watsopano wolenjekeka pa zingwe zacitsulo, ndipo mseunso unathiridwa phula. Popeza ulalowo uli pafupi ndi malire a Mozambique, kumene kunali nkhondo zaka zambiri, asilikali anaulonda usana ndi usiku: ukadagwa, cigawo conse ca kum'mawa cikadabwerera ku masiku a macila.

Makono mseuwu uwerengedwa ngati mbali ya njira yonka ku doko la Nacala. Njanji ya ku Mchinji inafika ku Chipata m'caka ca 2010, ndipo m'caka ca 2022 anatsegula nyumba imodzi ya pamalire ku Mwami, kuti apaulendo asaime kawiri. Cimanga, mtedza, thonje ndi soya zitsikira ku Lusaka. Feteleza ndi simenti zikwera. Ndipo kawiri pa caka mabasi adzaza ndi anthu obwerera kwao: m'February kunka ku Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni, ndi m'August kunka ku Kulamba ku Mkaika, kumene Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi.