Mbiri ya Kafukufuku wa Mabatire a Manganese Kufikira ku Joni

Kafukufuku wa mabatire m'dziko la South Africa adakhwima m'zaka za m'ma 1970, mtengo wa mafuta utakwera modzidzimutsa mu 1973. Ku bungwe la kafukufuku la CSIR ku Pretoria, Johan Coetzer adayambitsa ntchito yomwe idabala batire la ZEBRA, logwira ntchito likatentha pafupifupi madigiri 300. Kampani ya migodi ya ku Joni ya Anglo American idaikapo ndalama.

M'gulu la Coetzer mudali Michael Thackeray, yemwe mu 1981 adapita ku yunivesite ya Oxford kukagwira ntchito ndi katswiri wa mabatire John Goodenough. Kumeneko adaonetsa kuti manganese ndi oxygen zikalukana mwa mtundu wotchedwa spinel, zimasiya tinjira momwe lithium wa m'batire amalowa ndi kutuluka chimangocho osagumuka. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 1983. Phindu lake ndi lalikulu: manganese ndi wotsika mtengo kuposa cobalt, alibe poizoni wambiri, ndipo batire lake siliyaka moto msanga. Mu 1994 Thackeray adasamukira ku malo a kafukufuku a Argonne, ku America, ndipo luso lake lidafika mpaka m'galimoto ya Chevrolet Volt.

Spinel ili ndi chilema chake. Batire likamatentha, manganese amasungunukira pang'onopang'ono m'madzi a m'batiremo, ndipo mphamvu imacheperachepera. Limeneli ndi limodzi mwa mavuto omwe Pulofesa Kenneth Ozoemena wakhala akulimbana nawo. Ozoemena, mbadwa ya ku Nigeria, adatenga digiri ya udokotala ku Rhodes University mu 2003, adatsogolera kafukufuku wa mabatire ku CSIR, kenako mu 2017 adafika ku yunivesite ya Wits, ku Joni. Gulu lake limaphika ufa wa manganese ndi microwave kuti ulimbe, komanso limayesa mabatire a zinc ndi mpweya osungira magetsi a dzuwa.

Ntchitoyi ndi yofunika kwa aliyense wokhala ku Joni, kuphatikizapo Amalawi, poti magetsi adayamba kuthimathima mu 2007 ndipo mu 2023 zidafika poipa. Chodandaulitsa n'chakuti dziko la South Africa lili ndi manganese wochuluka kuposa lina lililonse, makamaka ku Hotazel, koma miyala yambiri imatumizidwa kunja yosayenga. Mabatire a lithium ambiri ogulitsidwa m'masitolo a ku Joni amachokera ku China.