Mlongoti wa ku Twin Palm ndi Madenga a ku Matero: Mbiri ya Kanema wa Dijito ndi Malo a Chinyanja pa Mafunde

Ife amene ntchito yathu ndi kufufuza ndi kuphunzitsa zinenero sitizolowera kulemba za milongoti ndi mawaya, popeza timaziyesa zinthu za amisiri. Komabe m'nkhani ino tikufuna kulondola mbiri ya momwe zithunzi za wailesi yakanema zakhala zikufikira m'nyumba za ku Matero, komboni yakale ya kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, kuchokera pa makina otumiza mafunde a ZNBC a ku Twin Palm, kum'mawa kwa mzindawu. Chotichititsa kutero n'chakuti kwa zaka zambiri, pofunsidwa chifukwa chimene zinenero za m'Zambia zinkapatsidwira nthawi yochepa pa kanema, akuluakulu ankayankha kuti njira ndi imodzi ndipo singakwanire onse. Makina a dijito anathetsa yankho limeneli. Funso lathu ndi lakuti, njira zitachuluka, Chinyanja chinapindulapo chiyani?

Wailesi ya mau ndiyo inayamba, ndipo inayamba ndi zinenero zathu. Boma la atsamunda la Northern Rhodesia linatsegula nyumba youlutsira mau mu Lusaka m'chaka cha 1941, makamaka pofuna kuuza anthu za nkhondo. Nkhondo itatha, Harry Franklin anaikuza nyumbayi kufikira inatchedwa Central African Broadcasting Station, yolankhula kwa Aafirika a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zinenero zake zazikulu. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotsika mtengo ka Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, kooneka ngati sefuliya, kogwira ntchito ndi batire. Matero anamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti mukhale antchito achiafirika ndi mabanja awo, motero komboniyi ndi kawailesi aka n'za msinkhu umodzi. Anthu a mitundu yosiyanasiyana amene anasonkhana kumeneko anapeza Chinyanja chitazika kale mizu mu Lusaka monga chinenero cha apolisi, cha asilikali ndi cha pamsika, ndipo wailesi inangochithirira. Mau a Alick Nkhata anamveka m'makonde a nyumba zimenezi, ndipo dziko litalandira ufulu, nthano za Julius Chongo za Poceza M'madzulo, zimene Ernst Wendland anadzazisanthula mozama, zinasonyeza kuti Chinyanja chapawailesi chikhoza kukhala luso lapamwamba palokha.

Kanema anadzera khomo lina. Anayamba ku Kitwe mu 1961 m'manja mwa kampani ya eni ake, ndipo oonera amene ankawaganizira anali azungu a kumigodi. Anafika ku Lusaka patapita zaka zingapo, kenaka boma linamutenga n'kumuphatikiza ndi wailesi ya mau m'zaka zomwezo za m'ma 1960. Koma chinenero chake chinakhalabe Chingerezi. Ngakhale pamene nyumba ya Mass Media Complex inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamsewu wotchedwa dzina la Alick Nkhata yemweyo, ndi pamene bungwe la ZNBC linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, zinthu sizinasinthe kwenikweni. Pa wailesi ya mau, zinenero zisanu ndi ziwiri zovomerezedwa, ndizo Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale, zinkagawana maola, ndipo Debra Spitulnik, amene anachita kafukufuku pa ZNBC chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anaonetsa kuti kagawidwe ka maolawo anthu ankakawerenga ngati muyeso wa ulemu wa mtundu uliwonse. Pa kanema, zinenerozi zitaloledwa, zinkangopatsidwa timagawo tochepa pa sabata.

Tisafulumire kunena kuti yankho la "njira ndi imodzi" linali bodza lokhalokha. M'makina akale a analogi, mpata umodzi wa mafunde unkanyamula chithunzi chimodzi ndi mau ake basi. Wofuna njira yachiwiri ankayenera kugula makina ena otumizira, kupeza mpata wina wa mafunde, ndi kulipira magetsi ena. Ndipo ZNBC inatsegula njira yake yachiwiri, TV2, mochedwa mu 2010. Chimene tikutsutsa n'chakuti kuchepa kwa malo kunkabisa chisankho: pa njira imodzi yomweyo, wina anasankha kuti madzulo ambiri akhale a mafilimu ogulidwa kunja.

Kulandira zithunzi m'masiku amenewo kunali ntchito ya banja lonse. Mzinda wa Lusaka uli pa chidikha chokwera, chopanda mapiri aakulu pakati pa Twin Palm ndi Matero, choncho mafunde ankafika mosavuta. Eriyo ya nyanga ziwiri yoika pamwamba pa TV inkakwanira m'nyumba zambiri, ndipo ikathyoka, waya wopachikira malaya unkalowa m'malo mwake. Kumene kunalibe magetsi, monga m'mbali zina za George ndi Lilanda, TV yazithunzi zakuda ndi zoyera inkayendera batire ya galimoto. Chofunika kuchimvetsa ndi ichi: chithunzi cha analogi chinkafa pang'onopang'ono. Mafunde akafooka, pankabwera timadontho timene anthu ankatitcha "mashawa", nkhope ya woulutsa nkhani inkaoneka pawiri, koma mau ankamvekabe. Mwana ankatumidwa padenga kukapotoza mlongoti, a m'nyumba akufuula kuti "apo, apo, wapitirira!" Wosauka ankaona moipa, koma ankaona, ndipo atagula TV yake sankafunikanso chilolezo cha munthu kuti mafunde alowe m'nyumba mwake.

Kusintha kunachokera kutali. Mu 2006 maiko a ku Ulaya, Afirika ndi Middle East, pansi pa bungwe la International Telecommunication Union, anagwirizana ku Geneva kuti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasiya analogi m'mafunde a UHF. Mu Novembala 2010 nduna za maiko a SADC, zitakumana mu Lusaka momwemo, zinasankha njira ya DVB-T2. Mwachidule, njirayi imasandutsa chithunzi ndi mau kukhala manambala, n'kuwapanikiza, kotero kuti mpata wa mamegahetsi 8 umene kale unkanyamula njira imodzi ukhoza kunyamula njira pafupifupi 20. Anthu a ku Lusaka analawa zimenezi msanga, chifukwa kampani ya MultiChoice inayambira mu Zambia kugulitsa GOtv mu 2011, isanapite nayo kumaiko ena. Boma linatulutsa ndondomeko yake mu 2014, imene inasiyanitsa wokonza mapulogalamu ndi wonyamula mafunde. Gawo loyamba la makina atsopano linaikidwa m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, ndipo pambuyo pake kunapangidwa kampani ya TopStar, m'mene StarTimes ya ku China inatenga magawo 60 pa 100 ndipo ZNBC magawo 40, pa ntchito ya ndalama zokwana madola pafupifupi 273 miliyoni, yodalira ngongole ya ku Export-Import Bank of China. Pa 1 Okutobala 2017 mafunde a analogi anazimitsidwa m'mbali mwa njanji, kuphatikizapo Lusaka.

Kuyambira pamenepo, TV yakale yopanda dikoda inasanduka bokosi lachabe. Madenga a ku Matero anasinthanso maonekedwe: panadzala timaeriyo ta UHF ta mano aafupi, tomangirira pa paipi kapena pa mtengo wa bulugama, toloza mbali imene kuli makina otumiza mafunde. Amisiri a m'komboni anaphunzira msanga kuti dijito siidziwa "pang'ono". Mafunde akakwana, chithunzi chimayera ngati cha m'buku. Akaperewera pang'ono chabe, chimasweka timabokosi, mau amadukaduka, kenaka zonse zimathima pamodzi. Nyumba yansanjika yomangidwa kumene kutsogolo, chingwe chotsika mtengo chimene chalowa madzi, kapena cholumikizira chadzimbiri, n'zokwanira kuti nyumba imodzi ikhale mumdima pamene yoyandikana nayo ikuonera mpira. Pali ubwino umodzi umene oonera amautchula: mvula yamphamvu ya mu Januwale siivutitsa eriyo monga imavutitsira mbale ya setilaiti.

Kwa ife a zinenero, apa ndi pamene pali chuma. Dikoda imalankhula ndi mwini wake m'Chingerezi. Mau onse a pagalasi, ouza munthu kuti mafunde palibe, kuti afufuze njira, kapena kuti malipiro atha, sali m'chinenero chilichonse cha m'Zambia. Agogo amene kale ankangodina batani limodzi tsopano amadikira mdzukulu abwere kusukulu kuti awawerengere. Pakamwa pa anthu, komabe, mauwa sanakhale achilendo nthawi yaitali. Maina analowa m'magulu monga mwa nthawi zonse: dikoda, madikoda, rimoti, marimoti, chanelo, machanelo. Aneni anatsata njira yodziwika ya Chinyanja cha mu Lusaka, yotenga mneni wachingerezi pamodzi ndi mchira wake wa "-ing" n'kuwonjezera "-a", motero timamva kusechinga ndi kuchajinga, pamene Mchewa wa ku Katete kapena wa ku Lilongwe akadati kusaka ndi kutchaja. Siginolo imatengedwa ngati chamoyo: imabwera, imathawa, imagwira. Sitikudziwitsa aphunzitsi zimenezi kuti azikalipira ana. Tikuti mau awa anabadwa m'zaka zowerengeka, tikuona, ndipo ndi chitsanzo chabwino chophunzitsira kabwerekedwe ka mau kuposa zitsanzo zakale za "buku" ndi "sukulu" zimene tatopetsa nazo ophunzira.

Nanga malo a Chinyanja pa mafunde? Njira zinachulukadi, ndipo nyumba za kanema zoima pazokha zinapeza ponyamulira mapulogalamu awo. Koma tiyenera kukumbukira kuti amene anayamba kutsegulira Chinyanja cha m'tauni khomo la kanema si makina a dijito. Inali Muvi TV, imene inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 analogi idakalipo, ndipo inakopa makomboni ndi nkhani za m'makomboni momwemo ndi masewero onga Banja. Inaonetsa kuti oonera analipo kale, ankangosowa wowalankhula. Chimene dijito inawonjezera, ndipo chimene sichinagwiritsidwe ntchito mokwanira monga tionera, ndi kuthekera kwakuti chithunzi chimodzi chiyende ndi mitsinje ingapo ya mau, ndiponso ndi mau olembedwa pansi, woonera n'kusankha yekha chinenero pa rimoti. Nkhani za madzulo zikhoza kutuluka pa ola limodzi m'zinenero zonse zisanu ndi ziwiri. Makina amalola, chosowa ndi omasulira, owerenga, ndi ndalama zowalipira, ndipo ngongole ija inali yomangira milongoti ndi nyumba zojambulira, osati yophunzitsira omasulira.

Khomo limene kale linali pa mpata wa mafunde linasamukira pa thumba ndi pa wonyamula mafunde. Msonkho wa TV, umene unali K3 pamwezi wodulidwa pa bilu ya magetsi ya ZESCO, unakwera kufika pa K5 mu 2018 n'kuyamba kutoleredwa kudzera mwa ogulitsa mapulogalamu a pa dikoda. Banja lofuna njira zambiri limalipiranso mwezi ndi mwezi. Ndipo popeza nyumba ya kanema siikhalanso ndi makina akeake otumizira, wonyamula mafunde akaichotsa, imazimiririka nthawi imodzi m'nyumba zonse zodalira wonyamulayo. Izi zinaoneka mu 2020 pamene Prime TV inachotsedwa pa TopStar mu Malichi, ndipo mu Epulo bungwe la Independent Broadcasting Authority linafafaniza chiphaso chake, chimene chinabwezedwa mu Ogasiti 2021 chisankho chitangochitika. Tiwonjezerepo kuzima kwa magetsi kwa mu 2015, 2019 ndi 2024, madzi atachepa ku Kariba: TV yakale ya pa batire inali chida chimodzi, pamene lero pafunika kudyetsa TV ndi dikoda yomwe.

Patsala funso lina limene aphunzitsi amalidziwa bwino, lakuti ndi Chinyanja chiti chimene chimamveka. Woulutsa nkhani wa ZNBC amayesetsa kutsata Chinyanja cha m'mabuku, choyandikira Chicewa cha kum'mawa, cholembedwa motsata malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977. Wosewera m'sewero, woitanira malonda, ndi mayi wofunsidwa pamsika wa Matero amalankhula cha m'tauni, chosakaniza Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, chonena "nifuna" m'malo mwa "ndifuna" ndi "bantu" m'malo mwa "anthu". Kale mwana wa ku Matero ankamva mitundu iwiriyi m'malo osiyana, wina m'kalasi ndi pa wailesi ya boma, wina pabwalo. Tsopano zonse zimatuluka m'bokosi limodzi, motalikirana ndi batani limodzi, ndipo cha m'tauni ndicho chili ndi nyimbo ndi nthabwala. Mbali ina ya mafunde a UHF imene inamasuka analogi itazima inapatulidwira makampani a mafoni, ndipo ndi pa mafoni pomwepo, pa Facebook ndi TikTok, pamene anyamata ndi atsikana a m'makomboni akujambulira masewero awo aafupi m'Chinyanja cha m'tauni, osadzera ku Twin Palm konse.